Mayi a Kamanzere kwa Mphunzitsi Watsopano

Anzake onse a Kamanzere anali ndi anthu owalankhulira, azibambo amajekete oyenda ndi mafoni awiriawiri. Iye anali ndi mayi ake. Chiyambire kusewera mpira wolipidwa, sanalowepo yekha mu ofesi ya timu. Mayiwo ndiwo ankatsogola, iye pambuyo ngati mwana wopita naye ku sikelo.

Mayi a Kamanzere ankagulitsa mapoto, zidebe ndi mabeseni pamsika waukulu. Kusukulu sanakhalitseko, koma opikulitsa onse ankawadziwa ndipo ankawaopa. Njira yawo inali imodzi. Akauzidwa mtengo ankaseka kaye, kenako kunyoza katunduyo pang'ono, kunena kuti kwina kuli wabwino kuposa ameneyu, basi n'kunyamuka. Asanafike pakhomo munthu ankakuwa, "Mayi, tabwerani tikambirane!" Zinkatero nthawi zonse. Ngakhale mphunzitsi wakale wa timu, mdala wamimba uja, ankawathamangira mpaka pamasitepe cholembera chili m'manja.

Koma mdalayo anamuchotsa ntchito ligi itangotha, timu itapulumukira pakamwa pa ng'ona kuti isatuluke mu ligimo. M'malo mwake munabwera wina, wowonda, wamagalasi, wolankhula ngati mawu amachita kugula. Kontrakiti ya Kamanzere inali itatha, ndipo mphunzitsi watsopanoyo ankaitana osewera mmodzimmodzi kuwauza amene atsale ndi amene azipita.

M'mawa wa tsiku lake, Kamanzere anayesa.

"Amayi, lero ndipite ndekha."

"Ukatani wekha? Iwe akakuuza kuti khala pansi umagona."

"Uyu si mdala uja. Ngati mukupita, mukangokhala chete, ndikalankhule ine."

"Ndinakubereka ndili chete? Tavala nsapato tizipita."

Ofesi inali pansi pa masitandi a bwalo, ikununkha penti ndi mankhwala otikitira minofu. Zithunzi za mdala uja anali atazichotsa, pakhoma patangotsala misomali. Pakona panali bolodi yoyera yojambulidwa bwalo la mpira, itamatidwa tizitsulo tozungulira, kalikonse kakuimira wosewera. Mphunzitsi anawapatsa mipando, iye osakhala.

"Ndaonera masewera anu a chaka chatha," anatero. "Matenda a timuyi ndawaona. Kutsogolo kuli anthu ambiri, akungopondana. Kumbuyo chakumanzere kuli chibowo choti lole ikhoza kudutsa. Ndikufuna goloboyi wina, wapakati wamphamvu, ndi wotchinga kumanzere. Goloboyi ndi wapakati ndikasaka kunja. Wakumanzere ndikuona ngati ndili naye kale."

Anagwira kachitsulo kamodzi kutsogolo, n'kukakokera pansi mpaka pakona yakumbuyo.

"Iwe. Nambala 3."

Kamanzere anasendera kutsogolo kwa mpando, maso atawala. Ankadziwa yekha kuti zigoli zinamuuma, ndipo chaka chathacho benchi ndilo linamudziwa kuposa udzu. Koma asanatsegule pakamwa, mayi ake anali atayamba kale.

"Aphunzitsi, mwati kuti? Kumbuyo?"

"Kumbuyo, mayi. Liwiro ali nalo, mwendo wamanzere ndi wabwino, mpira amauona usanafike. Kutsogolo azikhala pabenchi. Kumbuyo azisewera sabata iliyonse."

"Mwana wanga ndi womwetsa zigoli. Bwalo lonseli limaimba dzina lake. Inu mwabwera dzanadzanali, lero mukufuna kumusandutsa mlonda?"

"Amayi..."

"Khala chete iwe, akulu akulankhula."

Kunena zoona, mumtima anali atavomera kale. Mawu akuti sabata iliyonse anawalowa bwino. Koma chinthu choyamba kupatsidwa sankachilandira, kaya ndi beseni kaya ndi ntchito ya mwana. Ankafuna munthuyo awonjezepo kenakake, kaya chaka china pa kontrakiti, kaya kungowanyengerera chabe kuti adziwe kuti akutenga katundu wabwino. Ndiye anaseka kuseka kwawo kwa kumsika kuja.

"Tangokuuzani mwaulemu, pali timu ina ikumufuna. Yaikulu kuposa kanuka. Akundisowetsa mtendere pafoni."

Kunalibe timu ina. Foni yawo ankaimbapo ndi opikulitsa ndi mng'ono wawo basi.

Mphunzitsi anavula magalasi, n'kuyang'ana Kamanzere. "Ndi zoona zimenezi?"

Kamanzere anali asanawatsutsepo mayi ake pamaso pa anthu. Anayang'ana mayiwo, mayiwo anamutong'olera diso, iye n'kuweramira nsapato zake.

"Chabwino," anatero mphunzitsi. "Ngati wapeza pabwino sindingamutsekereze. Wosewera amene mtima uli kwina sindingamangirepo timu. Zabwino zonse."

"Tiye," anatero mayiwo, n'kuimirira mwamphamvu mpaka mpando unalira.

Anatuluka. M'khonde anayenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Atafika pamasitepe anaima, kumasula mpango wakumutu, kuumanganso. Zii. Anatsika. Poimika magalimoto anawerama kukonza lamba wa nsapato yemwe analibe vuto lililonse. Chomveka chinali makina otchetchera udzu m'bwalomo basi.

"Akungodzikoka," anatero. "Aitana pompano."

"Saitana, amayi."

"Umadziwa chiyani iwe? Onse amaitana."

Pageti anaima n'kumufunsa mlonda nthawi, ngakhale foni inali m'manja. Mlonda anawauza. Anamufunsanso ngati minibasi zimaima pomwepo, chikhalirecho akhala akukwerera pamenepo zaka zonsezi. Mlonda analoza ndi mlomo. Anacheuka komaliza. Chitseko cha ofesi chinali chotseka, ndipo pawindo ankaoneka mphunzitsi ali chilili, foni ili kukhutu.

Masiku otsatira foni sinachoke pachifuwa pawo. Ikalira ankaitulutsa mwachangu mpaka kugwetsa zivundikiro za mapoto, koma ankapeza ndi mng'ono wawo. Kunyumba Kamanzere sanawakalipire. Akanakalipa bwenzi zili bwino, akanamubwezera mawu nkhani n'kutha. Iye ankangodzuka m'mawa kukathamanga yekha mumsewu, kubwera, kutsuka nsapato za mpira zoyera kale, kudya osakweza maso.

Tsiku lina masana, wailesi ya bambo wogulitsa nsapato pabenchi loyandikana inanena kuti timu yasainitsa wotchinga kumanzere kuchokera ku ligi yaing'ono. Inanenanso kuti Kamanzere watsanzika, akupita ku timu ina yomwe sinadziwike.

"Mayi a Kamanzere!" anakuwa wansapatoyo msika wonse ukumva. "Mwatibisira! Ndi timu iti? Tiuzeni tiyambiretu kusaka jezi!"

"Mudzamva pa wailesi yanu yomweyo," anayankha, uku akupukuta poto amene anali atamupukuta kale.

Moyo wawo wonse anali asanabwererepo kwa munthu amene anamusiya. Koma m'mawa mwake sanatsegule benchi. Anavala diresi lopita nalo kutchalitchi, n'kukwera minibasi okha.

"Mwabweranso, mayi?" anatero mlonda. "Munaiwala chiyani?"

Anangomudutsa n'kulowa m'bwalo. Osewera anali atayamba zokonzekera ligi yatsopano, ena akumanga zingwe za nsapato m'mbali mwa bwalo. Goloboyi wamtali amene ankamutcha Chitseko, mnzake wa Kamanzere yemwe ankadya kunyumba kwawo ngati mwana wapakhomo, anawathamangira atatambasula manja.

"Amayi athu! Mwana wanu uja watithawa osatsanzika, foninso sakuyankha. Wapita kuti kodi? Akatitengeko ifenso!"

"Aphunzitsi ali kuti?"

Mphunzitsi anali pamzere wa bwalo, akuyala tizipewa tapulasitiki pa udzu, omuthandiza awiri ali pambali pake ndi thumba la mipira. Mayiwo ankayembekeza kuti awatengera ku ofesi kuja, kotseka chitseko. Iye anangoweramuka pomwepo.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka. Nkhani ija, aphunzitsi. Taganizaganiza kunyumba. Nambala 3 yanuyo tilandira, poti mwavutika."

"Malo aja ndinapereka. Mwini wake ndi uyo." Analoza kamnyamata kowonda kovala nsapato zatsopano, kakudumphadumpha pakona. "Koma musadandaule. Mwana wanu ndimamufunira zabwino. Ndiuzeni timu yaikulu ija, ndimuimbire mphunzitsi wake ndekha, ndimuuze zomwe ndinaona mwa iye. Makalata omumasula tikonza lero lomwe kuti asachedwe."

Anatulutsa foni m'thumba n'kudikira, chala chili m'mwamba. Sankawaseka ayi. Chimenecho ndiye chinawapweteka kwambiri. Munthu wonyoza akanadziwa pomugwira. Uyu ankafunadi kuthandiza.

Mayina a matimu anawazungulira m'mutu, aja ankawamva pa wailesi ya wansapato. Koma lililonse limene akanatchula, munthuyu akanaimba pomwepo iwo ali chiimire.

"Kulibe," anatero.

"Mwati?"

"Kulibe timu. Ndinanama. Mwanayo sananame, wonama ndine."

Wothandiza mmodzi anatembenukira kumbali. Winayo anatola mpira wolimba kale n'kuyamba kuupopa. Chitseko, yemwe anali atawatsatira, anabwerera chafutambuyo mpaka pagolo pake.

"Chifukwa chiyani, mayi?"

"Ndimayesa mundiitana."

"Ndikuitaneni bwanji mutandiuza kuti mwapeza pabwino?"

"Kumsika timatero. Munthu amanyamuka, mnzake n'kumuitana. Mdala uja ankadziwa."

"Ine ndinali ndi chibowo choti nditseke ligi isanayambe. Mutangotuluka ndinaimbira wina. Sindikanadikira."

Mayi amene opikulitsa ankawathamangira anagwada pa udzu wonyowa, diresi lakutchalitchi likumwa madzi.

"Ayi, musatero, dzukani. Anyamata akuona."

Anali ataona kale. Bwalo lonse linali chete, mipira itaima.

"Mpira ndi umene amadziwa mwanayu," anatero mayiwo ali pansi pomwepo. "Ntchito ina alibe. Malo munamupatsa, ndachotsa ndine ndi pakamwa pangapa. Mundilange ine."

Mphunzitsi anawagwira mkono n'kuwadzutsa. Anayang'ana tizipewa take.

"Mu timu yoyamba malo atha, sindikunamizani. Mawa kuli mayeso a anyamata ofuna kulowa timu yachiwiri. Abwere ayesedwe ngati wina aliyense, kumbuyo kumanzere. Ndikakhutira, azichita nafe zokonzekera, koma lonjezo palibe. Uyo akadzalephera kapena kuvulala, tidzaona. Koma abwere yekha. Ndikamufunsa funso, andiyankhe ndi pakamwa pake."

Pakanakhala kumsika, apa ndiye poyambira kukambirana. Mayiwo anangoti, "Zikomo, aphunzitsi," n'kudutsa pakati pa osewerawo, mawondo a diresi ali bii ndi matope. Ulendo uno anayenda mwachangu.

Anamupeza Kamanzere pakhonde akudula zikhadabo. Anamuuza zonse ali chiimire, osakometsera.

"Mayeso a mawa?" anatero iye. "Ndi tiana tija? Tina mwa ito tinkatitolera mipira ife tikusewera."

"Tomweto."

Kamanzere anasiya kudula zikhadabo.

"Mwawauza kuti chiyani aphunzitsi?"

"Kuti ndinanama."

Kamanzere anakweza maso koyamba masiku onsewo. Mawu amenewo anali asanawamvepo m'kamwa mwa mayi ake. Kenako anaona mawondo a diresi.

"Pamaso pa anyamata?"

"Onse. Ndi Chitseko yemwe."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Inenso anandifunsa tsiku lija. Ndine bambo wandevu, koma ndinayang'ana nsapato."

"Ndinakuopseza ndi diso."

"Diso silimanga munthu pakamwa, amayi."

Mawa lake anapita yekha. Mayiwo anatsegula benchi, koma tsiku lonse anakhala chakumbuyo kwa mulu wa mabeseni. Wansapato atawafunsanso za jezi, ananena kuti mutu ukuwapweteka. Anatseka dzuwa likadali pamwamba n'kukakhala pakhomo.

Kamanzere anafika akutsimphina pang'ono, atavala kamalaya kobiriwira ka zokonzekera, kopanda nambala, kopanda dzina.

"Zayenda bwanji?"

"Andilola kuchita nawo zokonzekera. Kontrakiti palibe."

"Anakuseka?"

"Anandiseka."

"Za ine?"

"Zanu ndiye kwambiri. Dzina la Kamanzere latha. Pano akunditcha Timu Yaikulu. Ngakhale tiana tija, ndikagwira mpira, tikukuwa kuti Timu Yaikulu, patsira kuno."

Mayiwo anatsegula pakamwa. Mafunso anali pamlomo penipeni: mpaka liti wopanda kontrakiti, ndani amagwira ntchito ya ulere, bwanji sanamuuze mphunzitsiyo kuti atchule tsiku. Anayang'ana mwendo wotsimphinawo ndi kamalaya kopanda nambalako, n'kuwameza onse.

"Vula ndichape," anatero. "Kaume usanapite mawa."