Kasupe Wosaphwa

Munda wamaluwa umene ndimagwirako ntchito ndi wakale kuposa agogo a aliyense wa ife. Pakati pake pali kasupe, chiboliboli cha mayi atapendeketsa mtsuko. Anthu amadzachitira ukwati kuno chifukwa cha kasupeyo, koma mapaipi ake anadzimbirira ndisanabadwe, ndipo lamulo losunga zinthu zakale sililola kukumba.

Choncho pa tsiku la ukwati kasupe ndimakhala ine. Abwana amandigwaditsa kuseri kwa mpanda wa maluwa, nditavala malaya oyera, n'kugwirizira paipi yapulasitiki pabowo la kumsana kwa chibolibolicho. Paipiyo imachokera pampopi wa kukhitchini, kumene mlamu wanga amaphika.

Loweruka lina bambo a mkwatibwi anapatsidwa maikolofoni dzuwa lili paliwombo. Anali bambo amimba, okonda kudzimvetsera. Anayambira tsiku limene mwana wawo anamera dzino loyamba. Linthumbu linandipeza asanafike kusekondale. Ndinkaluma mlomo, dzanja limodzi papaipi, lina m'buluku.

Kenako anatembenukira kwa ine, kapena kuti kwa mayi wamtsuko uja.

"Ana anga, onani kasupe uyu. Maufumu agwa, zilala zadutsa, iye sanaphwepo. Chikondi chanu chikhale chotere."

Nthawi yomweyo paipi inafota m'manja mwanga. Mlamu anali ataizula kuti atsuke mbale. Mtsuko unatsokomola kawiri, n'kungoti zii. Alendo anayang'anana.

Abwana anatulukira kuseri kwa mpanda akukwawa, tayi ikukolopa dothi.

"Iwe, ukufuna kundipha?"

"Si ine, bwana. Ndi kukhitchini."

Pamene iwo ankathamangira kukhitchini, azakhali a mkwati, amene chiyambire m'mawa anali asanasekepo, analankhula osafuna n'komwe maikolofoni.

"Ndinanena ine."

Mkwatibwi ndi amene anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi inachotsa utoto wa m'maso, mwamuna wake akumupukuta ndi mpango. Bambo aja sanagwedezeke.

"Mwaona? Ngakhale madzi aima kuti amve mawu anga."

Anthu anaomba m'manja. Madziwo anabwerera mwaukali ine nditatayirira, paipi n'kupulumuka. Inalumpha mpanda ngati njoka n'kusambitsa tebulo lonse la azakhali aja.

Madzulo abwana anatiitana, ine ndi mlamu. Tinaima manja kumbuyo, tikudikira kuuzidwa kuti tisadzabwerenso.

"Mwandichititsa manyazi," anatero. "Koma wojambula akuti zithunzi zake zatuluka bwino, ndipo mng'ono wa mkwatibwi akufuna kudzachitira wake konkuno."

Anakanda pamphumi, n'kuyang'ana mlamu.

"Akufunsa ngati kasupe angadzaimenso bambo awo akamalankhula. Akuti koma adzaime msanga."