Dzanja Lamanzere la Tikondwe

Singano inagwa kachitatu m'dzanja la Tikondwe, ndipo ulendo uno sindinakhale chete.

"Iwe, manja amenewo ndi a phala? Tola msanga."

Tinali m'chigafa kwathu kuseri kwa Chisepo, mwezi wa Malichi, fodya ataunjikana kufika m'chiuno. Tikondwe, mwana wanga wa zaka zisanu ndi zitatu, anali atangofika kuchokera kusukulu, ndipo monga mwa masiku onse anakhala pambali panga kuti asokeko masamba angapo asanapite kosewera. Anawerama, n'kutola singanoyo ndi dzanja lamanja. Apo m'pamene ndinasiya kusoka. Mwana ameneyu ndi wamanzere ngati ine amake. Kuyambira ali kumsana ankalandira chilichonse ndi manzere.

"Bwera kuno. Ndione dzanja linalo."

Analibisa kumbuyo. Ndinalikoka. Zala zinali zozizira, ndipo kuseri kwa dzanjalo kunali tizidindo ta mchenga tolowa m'khungu.

"Likuchita dzanzi," anatero motsitsa mawu. "Madamu amati polemba ndizilikhalira."

"Uzilikhalira?"

"Kuti ndizolowere lamanja."

Ku Sitandade 2 kulibe madesiki, ana amakhala pasimenti yokumbika. Ndiye kuti mwana wanga ankakhalira dzanja lake kuchokera pa belu lam'mawa mpaka poweruka, miyezi iwiri yathunthu, ine ndili kalikiliki ndi fodya osaona kanthu. Ndinatulutsa kope m'kajumbo kake. Kuwerenga ine sindidziwa, koma kuchonga kofiira ndimakudziwa, mtanda ndimaudziwanso. Masamba oyambirira anali ochongedwa okhaokha, malembo ataima bwino pamzere. Kuyambira pakati, malembo anali ngati popalasa nkhuku, ndipo tsamba lililonse linali ndi mtanda.

"Sindipitakonso, amayi. Anzanga amandiseka. Madamu akuti ndikapitiriza chonchi ndibwereza kalasi."

Mawu amenewo ndinawadziwa, chifukwa inenso ndinawanenapo. Ndili msinkhu womwewo, bambo athu analamula kuti dzanja langa lamanzere lizimangidwa m'chiuno ndi luzi popita kusukulu. Womanga anali achimwene anga a Yoswa, ndipo ankamanga mfundo yoti ngakhale mbuzi singamasule. Ndinalimbana ndi pensulo chaka chimodzi, ndinabwereza, ndinabwerezanso, kenako tsiku lina ndinataya kope m'chimbudzi cha sukulu n'kubwerera kwathu. Palibe anandifunsa. A Yoswa anafika Fomu 4, lero ndi mlembi wa kalabu ya alimi, mkulu wa mpingo, komanso wapampando wa komiti ya sukulu. Ine ndimasoka mikangala ya fodya yambiri kuposa mkazi aliyense m'mudzi muno, ndi manzere omwewo, koma pakabwera pepala ndimapereka chala kuti achipake inki.

M'mawa mwake fodya ndinamusiya. Tikondwe ndinachita kumukankha kuti atsogole, ine n'kutsatira patapita kanthawi. Ndinali nditakonza kale mawu oti madamuwo akawamva asadye tsiku limenelo.

Ndinaima pawindo. Ana oposa zana anali atathithikana pansi, aliyense ndi kamulu ka timitengo ndi zitsekero za mabotolo zowerengera samu. Kenako anauzidwa kuti atulutse makope. Ndinamuona Tikondwe cha kukhoma. Palibe anamuuza, palibe anamuyang'ana n'komwe, koma ananyamuka pang'ono, n'kulowetsa dzanja pansi, n'kulikhalira yekha, thupi litapendekeka. Chimenecho chinandipweteka kuposa zidindo zija.

"Odi," ndinatero pakhomo, ndipo sindinadikire kuti andiyankhe.

Madamu Eveline anali mtsikana wa dzulodzuloli, woonda, choko chili mbuu m'tsitsi. Ananditulutsira pakhonde.

"Ndinu amake Tikondwe?"

"Ndine. Ndabwera kudzafunsa ngati kukoleji kwanuko anakuphunzitsani kuti dzanja la mwana ndi mpando."

Anayang'ana pansi. Ndinkayembekeza kuti alusa kuti nanenso ndimasuke, koma analankhula ngati munthu wopempha.

"Mayi, ine sizindisangalatsa. Mwana wanu anali m'gulu la ana asanu olemba bwino m'kalasi muno. Koma sukulu itangotsegulidwa mu Januwale kunabwera amalume ake, a Yoswa. Anati banja lagwirizana kuti mwanayu asinthe dzanja. Ine kuno ndine mlendo, ndipo kanyumba ndikukhalako anamanga ndi a komiti. Ndikanawayankha chiyani?"

Mawu onse ndinakonza aja anathera pomwepo. Ndinatsazika bwinobwino, n'kulunjika kwa achimwene.

Ndinawapeza pakhonde akulemba m'buku la kalabu, magalasi ali pamphuno. Ndinagwada monga mwa mwambo, tinapatsana moni, ndinafunsa za alamu ndi ana. Zitatha izo ndinafunsa kuti banja limene linagwirizanalo linakumana kuti, popeza ine sanandiitane.

"Rakele, usayambe," anatero a Yoswa osasiya kulemba. "Pa Khirisimasi mwana ameneyu anapereka kapu ya madzi kwa abusa ndi manzere, anthu onse akuona. Manyazi anagwira ine."

"Madziwo abusa anamwa?"

"Anamwa."

"Anatsamwa nawo?"

Anavula magalasi. "Mwano wakowo ndi umene unakulepheretsa sukulu. Mwana wamkazi wamanzere, apongozi ake adzati anakulira kuti? Kuwongola mtengo m'poyamba."

"Ine munandiwongola, achimwene. Ndi uyu ndili pano, wowongoka bwino, dzina langa likalembedwa papepala ndimalidutsa ngati la mlendo."

"Iwe unali waulesi. Mbumba iyi ndi yanga, ndipo zimene ndanena ndanena."

"Mbumba ndi yanu. Dzanja ndi lake."

Anavalanso magalasi, ine n'kunyamuka osatsazika.

Amuna anga a Petulo nditawafotokozera anangokanda m'mutu. Iwo pamudzi pano ndi mkamwini, ndipo munda umene timalima fodya anatigawira ndi a Yoswa omwewo. "Amake mwana, nkhani ya mbumba ya eni ine ndilowamo bwanji? Tingodzapezeka tilibe polima." Sindinawadzudzule, ankanena zoona. Koma ndikatseka maso ndinkangoona mwana uja akunyamuka yekha kuti akhalire dzanja lake, ndipo ndinadziwa kuti chaka chisanathe kope lake lidzatsata langa m'chimbudzi.

Lachisanu la sabata yotsatira linali tsiku la makolo, loti tikaone zimene ana amachita m'kalasi. Tili m'njira ndinamuuza Tikondwe kuti akaitanidwa kubolodi akalembe ndi dzanja lake.

"Amalume akakhalapo," anatero.

"Inenso ndikakhalapo."

Ankangoponda mapazi anga m'matope.

Kusukulu kunali anthu ngati pamsika. Pakhonde anayalapo ng'ombe zadothi zimene ana anaumba, timadengu, timphasa, ndi magalimoto a mawaya. M'kalasi la Sitandade 2 ana anawapanikiza kutsogolo, ife amayi tinakhala pansi kumbuyo, abambo ataima m'mawindo. Pafupi ndi khomo panali tebulo, ahedi atakhala uku, a Yoswa uku, atavala jekete lawo la Lamulungu. Patsogolo pawo panali buku lolembamo makolo amene abwera, ndi kabokosi ka inki ka ife odinda chala.

Ana anaimba nyimbo ya malembo, ena anawerengera ndi timitengo, ena anawerenga kankhani ka m'buku. Kenako Madamu Eveline anati mwana aliyense amene amuitane alembe pabolodi dzina lake ndi la kholo limene labwera, kholo lakelo liimirire anthu aliwombere m'manja. Anapita Elifala, analemba, bambo ake anakweza chipewa pawindo. Anapita Sharon, amake analuluta mpaka ahedi anaseka. Ana ena asanu anadutsa. Ndimaganiza kuti madamu amulumpha wanga pomumvera chisoni, koma anayang'ana kumene ndinakhala, n'kuitana.

"Tikondwe."

Anaimirira. Anayang'ana amalume ake, amalume ake n'kugwedeza mutu kamodzi. Analandira choko ndi lamanja, lamanzere atalipanira kumbuyo. Mzere woyamba unatsetsereka. Wachiwiri unakwera kumwamba. Anakanikiza kwambiri, choko n'kuthyoka, chidutswa chinagubuduka mpaka pafupi ndi tebulo. Ana anayamba kuseka. Kumbuyo kwanga mayi wina ananong'oneza mnzake, koma mokweza ndithu kuti ndimve: "Watengera amake."

Ndinaimirira. Kwathu kuno mkazi sadutsa pamaso pa akuluakulu ali chiimire, amawerama, manja ali pamaondo. Ine ndinadutsa chilili pakati pa ana, kulumpha timiyendo tawo, mpaka patebulo. Musandione ngati wolimba mtima. Ndinkadziwa kuti mwanayo akakana, ndiye kuti ndadzivula pagulu pachabe, ndipo mwina ndataya ndi munda womwe. Ndinatola chidutswa cha choko chija ndi manzere, ahedi akuona, abambo a m'mawindo akuona, n'kumutambasulira Tikondwe ndi manzere omwewo.

"Rakele," anatero a Yoswa, mawu ali pansi. "Khala pansi."

"Ndakhala mokwanira, achimwene. Zaka makumi awiri ndi zisanu."

Kumbuyo mwana wakhanda ankalira.

Tikondwe anayang'ana amalume ake. Anayang'ana ine. Misozi inali italengeza, ndipo dzanja langa linayamba kulema lili m'malere. Sindinamunyengerere, sindinamukalipire. Ndinangolisiya pomwepo.

Amene anasuntha koyamba anali Madamu Eveline. Anatenga kansanza, n'kufufuta mizere yokhota ija, bolodi n'kuyera. Mawu awo anamveka mpaka kuwindo.

"Yambiranso, Tikondwe. Lemba mmene unkalembera teremu yatha."

Mwana uja anatulutsa dzanja kumbuyo. Analipukuta payunifolomu, kuseri ndi kutsogolo, n'kulandira choko.

Sindinaonepo munthu akulemba chonchija. Choko chinkangoti tsetsetse, osaima, malembo akutsatana pamzere umodzi ngati fodya pamkangala. Anamaliza mzere woyamba, anatsika, analemba wachiwiri, n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Tonse tiwerenge," anatero madamu, akuloza ndi kamtengo.

"Ti-ko-ndwe," anayankha ana zana aja.

"Pansipa."

"Ra-ke-le."

Ndinayang'ana pamene kamtengoko kanaloza. Malembo asanu ndi limodzi, loyamba lalitali, lamimba kumtunda. Ndiye dzina langa limaoneka chonchi. Ena anawomba m'manja, ena sanawombe, ndipo mayi wonong'ona uja anali kalikiliki kumanga mwana wake kumsana. A Yoswa manja awo anali pamaondo. Ndinalira, sindibisa, koma ndinalira nditaimirira.

Zonse zitatha, makolo tinandanda patebulo kuti tilembetse m'buku. Odziwa kulemba ankasaina, enafe chala. Itafika nthawi yanga, a Yoswa anatsegula kabokosi ka inki n'kukakankhira kwa ine osandiyang'ana, monga ankachitira chaka ndi chaka. Ndinakatseka.

"Ndibwerekeni cholembera."

"Usachedwetse anthu. Taona mzere uli kumbuyo kwako."

"Adikira."

Ahedi ndi amene anasolola chawo m'thumba la malaya. Ndinachilandira ndi manja awiri, chifukwa ulemu ndimaudziwa, kenako n'kuchiika m'manzere. Zala zanga zakuda ndi utomoni wa fodya zinachimata. Ndinakweza maso kubolodi, kumene dzina lija linali lisanafufutidwe, ndinatsitsa maso, n'kukoka mzere woyamba. Ndinayang'ananso, n'kupinda kamimba. Thukuta linatsika m'khosi. Kumbuyo wina anatsokomola, wina anati mvula ikubwera.

Tikondwe anali atadzipanikiza m'nthiti mwanga, chibwano chili patebulo.

"Mwaiwala mwendo wina, amayi. Chilembochi chili ndi miyendo iwiri."

Nditati ndikoke mwendowo, buku linaterereka patebulo, cholembera n'kulemba pathabwa. Ndinalibweza, linatererekanso. Pamenepo dzanja la a Yoswa linachoka pabondo n'kutera pabukupo. Ndinati basi, akulanda. Ndinagwiritsa cholembera, wokonzeka kulimbana nawo.

Koma dzanjalo linangokhala pomwepo, litakanikiza ngodya ya buku, eni ake nkhope ili kuwindo, nsagwada zitalumana. Linali dzanja lomwe lija la mfundo za luzi.

Ndinamaliza mwendo uja, n'kukwezanso maso kubolodi kuti ndione chilembo chachiwiri.