Uta Wopakidwa Vanishi

A Venansio anakhala mlonda pa nyumba ya a Chirambo ku Naperi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chida chawo nthawi yonseyo chinali uta umene anasema okha. Utawo sunathyoke polimbana ndi akuba ayi. Unapondedwa ndi galimoto masanasana, pamene mayi a pakhomopo ankaphunzira kubwerera m'mbuyo. Palibe amene anapepesa. M'malo mwake a Chirambo, amene ankagwira ntchito m'boma ndipo ankalankhula ngati akuwerenga kalata, anaitana mlonda wawo pakhonde.

"Madala, akuba achuluka masiku ano," anatero. "Lolemba mubwere ndi uta wina. Apo ayi ndiitana a kampani ya sekyuliti. Amenewo ali ndi yunifomu."

Munali mu 1996, nthawi imene munthu ankataya zinyalala pakhomo pa mnzake n'kumati ndi demokalase. A Venansio anali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo ankadziwa kuti ntchito iyi ikawapulumuka, ina sadzaionanso.

Mtengo wosemera uta anali nawo umodzi wokha. Anachokera nawo kwa makolo awo, kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, zaka zitatu m'mbuyomo, nausomeka kudenga kwa nyumba yawo ku Bangwe kuti uume pang'onopang'ono. Wina akanaupeza kuti? Mapiri a mu Blantyre anthu anali atawameta mpala, kuyambira la Ndirande, mitengo yonse n'kuthera m'matumba a makala ndi m'mauvuni a njerwa.

Lachinayi anausema ndi kasemasema. Lachisanu anamanga nsinga, napachika utawo chopingasa pa chiputu cha nthambi ya mpeyala wa pakhomo. Anamangirira chingwe pakati pa nsingayo, nabwerera m'mbuyo, nakoka akuyang'anitsitsa. Mbali ya kumanzere inkapinda bwinobwino. Ya kumanja inali youma gwa, yamakani ngati mwini wake. Uta wotere umatumiza muvi kumene ukufuna wokha, ndipo sukhalitsa.

Mankhwala ake ndi kupala, ndipo kupalako kuli ndi lamulo. Uta uli ndi mimba, mbali yoyang'ana mwini wake, ndiponso msana, mbali yoyang'ana mdani. Umapala kumimba kokha. Kumsana umangochotsa khungwa basi, mfundo ndi timabampu n'kuzisiya mmene zinamerera, chifukwa ulusi wa mtengo ukadulidwa pamenepo utawo wafa, ngakhale uoneke bwino chotani. A Venansio anaswa botolo, nasankha chibenthu chakuthwa, nayamba. Ankapala kakhumi n'kupachika, kukoka, kutsitsa, n'kupalanso. Zopalidwazo zinkagwera pa maondo awo zopyapyala ngati makoko a anyezi.

Ndi pomwe anawapeza Malizani, mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo Kristina. Banjali linkakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yomweyo. Malizani anali kalipentala, ndipo shedi yake inali m'mbali mwa msewu, pafupi ndi siteji ya minibasi, pamene ankakhoma mabokosi a maliro. A Venansio ntchito imeneyo inkawachititsa nseru. Matabwa ake anali a paini wauwisi, ming'alu ankaitseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, pamwamba n'kupaka vanishi wambiri kuti anamfedwa asaone. Akamadutsa pa shedipo popita kuntchito, a Venansio ankayang'ana kumbali n'kulavula.

"Bambo, ndi botolo limeneli mumaliza pa Khirisimasi," anatero Malizani akuseka. "Ndikubweretsereni pulena. Faifi minitsi, zatheka."

"Ichi si chitseko," anayankha a Venansio osadzutsa mutu.

"Komatu mtengo ndi mtengo, bambo."

Apa akanatha kumufotokozera za mimba ndi msana. Zikanatenga mawu ochepa chabe. Koma a Venansio anaona kuti kuphunzitsa munthu wa utuchi ndi guluu n'kutaya malovu, ndiye anangopitiriza kupala mpaka mkamwiniyo anachoka.

Pofika Loweruka madzulo utawo unagonja. Anakoka chingwe, mbali zonse ziwiri zinapinda mofanana, kuchokera pogwirira mpaka kunsonga, popanda pouma kapena pofooka. Anautsitsa n'kuukoka ndi dzanja mpaka nsinga inagunda tsaya, ndipo mtengowo sunadandaule. Mtima wawo unakhala pansi. Kunangotsala kuupaka mafuta a nsatsi, ndipo anati adzachita zimenezo mawa lake.

Lamulungu atatuluka ku Misa anamva za maliro a mnzawo wina wa ulonda ku Zingwangwa, ndiye anapitirira konko. Anabwerako dzuwa litapendeka, fumbi lili m'miyendo. Asanafike n'komwe pakhomo, fungo linawachingamira. Linali fungo la pa shedi paja.

Kristina anali pakhonde, akumwetulira ngati munthu wobisa mphatso. Uta unali utatsamira khoma, ukunyezimira kuti waliwali, wosalala ngati mwendo wa tebulo.

"Bambo, onani mmene aukonzera akamwini anu," anatero Kristina. "Agwira tsiku lonse, osadya n'komwe. Akuti musakachite manyazi kwa abwana."

A Venansio anaunyamula. Vanishi anali asanaumitsitse, ndipo anamata zala zawo. Anayendetsa chala chachikulu kumsana, kuchokera nsonga ina mpaka inzake. Mfundo zitatu zimene ankazidziwa ngati mano a m'kamwa mwawo panalibe. Pulena inali itadutsapo, sandipepa n'kutsatira, ndipo pansi pa kuwalako ankaona timizere ta ulusi wodulidwa. Zaka zitatu za kudenga ndi masiku awiri a botolo, munthu n'kuzisandutsa chokongoletsera pabalaza.

Malizani anatulukira kuseri akupukuta m'manja. "Mabampu aja ndachotsa onse, bambo. Panopa ndiye uli simati."

"Wapala kumsana."

"Eya, kumeneko n'kumene kunali koipa. Kwinako munali mutapala kale."

"Ndani anakutuma?"

Malizani anayang'ana mkazi wake, kenako pansi. "Ndimati ndithandize. Simunanene kuti sikukhudzidwa."

Zimenezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinawanyansa kwambiri. Analowa m'nyumba utawo uli m'manja, ukuwamata ngati ulimbo.

Lolemba madzulo anafika ku Naperi dzuwa lisanalowe. A Chirambo anali pakapinga, tayi ali chikhwefulire, ndipo ataona utawo maso awo anawala.

"Uwu ndiye uta, madala. Wakale uja unkaoneka ngati chikuni. Wakuba akangouona uwu abwerera pa geti." Anausisita, naununkhiza, naubweza. "Takokani tione."

A Venansio anaikapo muvi. Ankadziwa bwino lomwe mmene zinthu zinalili. Kukoka mpaka pachigongono, utawo upirira. Kukoka mpaka patsaya, monga amakokera munthu amene akufunadi kulasa, uthyoka pamfundo yapakati ija, ndipo mawa pa geti padzaima mnyamata wa yunifomu. Akanatha kunena zoona, kuti bwana, uta uwu ndi wakufa, ndipatseni nthawi. Koma nthawi yake iti, mtengo wake uti?

Anakoka pang'onopang'ono. Nsinga itafika pachigongono anamva kaphokoso kakang'ono m'kati mwa mtengo, kamene khutu la a Chirambo silikanamva. Anaimira pomwepo, nakwinya nkhope ngati akoka ndi mphamvu zawo zonse, nautaya muvi. Unauluka mwaulesi n'kukazika pa thunthu la nthochi, mapazi khumi okha kuchokera pamene anaima.

A Chirambo anawomba m'manja. "Basi, za kampani zija tiiwale. Amene anakupakirani vanishiyu mumuuze kuti ndi katswiri."

"Ndikamuuza, bwana," anatero a Venansio.

Anakazula muvi uja, nakakhala pa benchi yawo ya pa geti, utawo ataupingasa pamiyendo. Anthu obwera kuntchito ankadutsa mumsewu n'kumaucheukira. M'nyumbamo ana a a Chirambo ankaseka, mayi awo akutseka mawindo, onse mitima ili m'malo poti panja pali mlonda ndi chida chake. A Venansio anakumbukira mabokosi a Malizani, amene ntchito yake n'kungopirira kuchokera pa siwa kukafika kumanda, anthu akuyamikira kuwala kwake.

M'mawa mwake anatsika minibasi pa siteji ya ku Bangwe. Malizani anali atatsegula kale shedi, akupaka vanishi pa bokosi latsopano, ndipo anakweza dzanja mwamantha kupereka moni. Malovu anadzaza m'kamwa mwa a Venansio monga mwa masiku onse. Anayang'ana bokosilo, nayang'ana uta umene unali paphewa pawo, ndipo anawameza.