Pansi pa Miyala ya Namisale

Kamtsinje ka Namisale, kamene kamadutsa kuseri kwa msika wa Nkando, kanangoti zii. Achule anasiya kulira. Atombolombo anasowa. M'mawa wina kuli chiperoni, Ireen atapita kukachapa anapeza nkhanu zili gadaa pamchenga, zonse zakufa, ndipo ngakhale akhwangwala sankazitola. Koma madziwo anali oyera mbee, kuposa kale. Zimenezi ndi zimene zinaopsa anthu. Madzi akuda akapha zinthu munthu amamvetsa, nanga oyera?

Kwathu kuno vuto likasowa mwini timalipezera mwini msanga. Anthu anakumbukira kuti a Fanuel, bambo ake a Ireen, amakonda kukhala okha pamtsinjepo n'kumayankhula Chilomwe chapansipansi. Mkuluyo anakalambira ku esiteti akuthyola tiyi, ndipo kuyankhula okhako anakuyamba akazi awo atamwalira. Posakhalitsa nkhani inafala: a Fanuel alodza mtsinje, achoke pamudzi pano. Ireen anagwidwa ndi mantha aakulu, chifukwa ankadziwa zimene zimachitikira okalamba akangowatchula ufiti.

"Amayi a Kondi, anthu akwiya," anatero Lenard, mwamuna wake wa Ireen. "Bwanji bambowa ayambe apita kwa abale awo ku Mozambiki?"

"Akawadziwa ndani kumeneko? Anabadwira konkuno!" anayankha Ireen misozi ili mbwee.

Ireen anathamangira kwa a Moffat, mlangizi wa zaumoyo m'deralo. Iwo anabwera atanyamula beseni loyera ndi sefa basi. Anthu anawatsatira, ena akuseka kuti adokotala abwera kudzasefa ufiti.

"Mtsinje sitiuyeza pouyang'ana pamwamba," anatero a Moffat akupinda thalauza. "Timaufunsa pansi pa miyala."

Anazula mwala, kuutsukira m'beseni, n'kusefa matope a pamalopo. Munangopezeka tinyongolotsi tofiira tochepa.

"Iti timapirira ngakhale m'madzi oipa. Mtsinje wamoyo umakhala ndi mitundu yambiri: tiana ta nkhanu, tiana ta atombolombo, ndi tizilombo tina tomanga tinyumba tamchenga pamwala. Timeneto sitichedwa kufa madzi akaipa."

"Ndiye kuti aulodzadi!" wina anakuwa.

A Moffat anati, "Tiyeni tikwere nawo mtsinjewu. Pamene moyo ukuthera, tikapeza chimene chikuupha."

Anayamba kukwera kuli chifunga. Nthabwala zinatha. Kunkangomveka phokoso la miyala ikutembenuzidwa, ndipo mwala uliwonse unali wopanda kanthu ngati nyumba yosamukamo anthu. Anadutsa pamene a Fanuel amakhala. Kumtunda kwake kunalinso kwakufa.

"Madzi sakwera phiri," anatero a Moffat. "Vuto likanakhala pano, kumtundaku kukanakhala kwamoyo."

Anafika pa ngalande yochokera kumsika, yodzaza majumbo ndi matewera. A Moffat anati imeneyo ikudwalitsadi mtsinje, koma kumtunda kwake miyala inali yopandabe kanthu. Anapitirira mpaka ku madimba a tomato. Atangodutsa madimbawo, beseni linadzaza tizilombo tikuyendayenda, ndipo kankhanu kanaluma chala cha a Moffat.

Anthu anabwerera pang'ono, akuyang'ana pansi. Pakati pa malo amoyo ndi akufawo panali thanthwe, ndipo kuseri kwake kunali mabotolo a mankhwala opopera mbewu. Fungo lake linali lopweteka mutu. Aliyense ankadziwa kuti dimba la pamenepo ndi la Lenard ndi anzake awiri.

Lenard anakanda kumutu. "Ife timangotsukamo masipuleya tikatha kupopera. Madzi amapita nazo."

"Amapitadi nazo," anatero a Moffat, "koma amapita nazo kwa mkazi wanu, pamene amasambitsira mwana."

Tsiku lomwelo anagwirizana zochita. Masipuleya azitsukidwa kumunda, kutali ndi mtsinje, ndipo madzi ake azithiridwa m'dzenje. Mabotolo azibooledwa kuti wina asatungire madzi, n'kuperekedwa kwa alangizi a zaulimi. M'mphepete mwa mtsinje anasiya kulimamo, anadzalamo udzu wa vetiva ndi nsungwi. Komiti ya msika inakonza ngalande ija. Amayi anaphunzira kuyeza okha mtsinje mwezi uliwonse: kumtunda kwa madimba, kuseri kwa msika, ndi pochapira. Mvula itagwa n'kutha, beseni linayamba kuonetsa mitundu yambiri m'malo onsewo.

Koma Lenard sanadikire zonsezo. Madzulo a tsiku la kafukufukulo anapita pakhonde pa apongozi ake, n'kunjuta chapatali, chipewa chili m'manja.

"Bambo, ndinalakwa. Ndimafuna muchoke chifukwa cha mlandu wanga womwe."

"Mukanandithamangitsa, mtsinjewu ukanapitirirabe kufa," anatero a Fanuel mofatsa. "Ndiye mukanathamangitsanso ndani?"

Phunziro ndi ili: kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti mtsinje uli bwino. Tembenuzani miyala, onani mitundu ya tizilombo, ndipo mukapeza vuto kwerani nawo mtsinje mpaka mupeze gwero lake. Musatsukire mankhwala mumtsinje, ndipo musaloze munthu chala musanafufuze.