Mapulagi Otsukatsuka

"Ndinu, amalume! Ndinu mwatsuka mapulagiwa!"

Amalume a Lamptey sanadzutse nkomwe mutu. Anangopitiriza kusenda kenke wawo, nsima yokulunga m'makoko a chimanga, atakhala pa tayala. Fumbi la mphepo youma ya hamatani linali litaphimba msewu wakale wa ndege wa ku Afienya moti kumathero kwake sikunkaoneka.

Galimoto yathu yampikisano inayamba kutsokomola m'mawa. Poyenda pang'onopang'ono inkalira bwinobwino, koma tebo, pampu yokankhira mpweya mu injini, ikangodzaza mphepo m'giya lachitatu, injini inkadumphitsa moto, pha! pha! ngati mfuti. Tinasintha makoyilo. Tinapana mpata wa mapulagi poganiza kuti mphepo ya tebo ikuzimitsa moto. Ayi ndithu, chifuwa chili pomwepo.

Chinatsala n'kufunsa mapulagiwo. Okoe, mwana wa amalume amene amayendetsa galimotoyi, anaithamangitsa mpaka kumapeto, n'kuzimitsa injini ili chilirire, ife n'kuikoka ndi chingwe kuti mwaye usafufute umboni. Pulagi sinama. Ikakhala ndi timadontho tonyezimira ngati mchenga, ndiye kuti pisitoni ikusungunuka. Pisitoni ikaphulika pa liwiro limenelo, oyilo amakhuthukira kunsi kwa matayala, ndipo woyendetsa amakamutola kuthengo.

Ndinamasula mapulagi onse anayi, kuwazika pakatoni motsatana, n'kuthamanga kukabwereka galasi lokulitsira zinthu. Pobwera ndinawapeza ali m'chitini cha petulo, osakanikirana, ali mbee! Bulashi ya waya ili pambali pa phazi la amalume.

"Anali akuda," anatero amalume akutafuna. "Ukhondo walakwanso?"

"Inu amene mwakalambira m'mainjini simudziwa kuti pulagi satsuka asanaiwerenge?"

"Iwe Ayikai, tsitsa mawu. Anthu a Alhaji akutimva."

Ankatimvadi. Alhaji Mumuni wa ku Ashaiman, mdani wa amalume pa mpikisano uliwonse, anakuwa ali pansi pa ambulera yake: "Lamptey! Ngolo yakoyo tiibwerekere bulu? Kapena tiigulire mankhwala a chifuwa?" Anyamata ake anafa nazo kuseka.

Mtsempha wapakhosi pa amalume unatukuka. Anapukuta manja pabuluku, natenga helemeti ya Okoe n'kundiponyera pachifuwa.

"Wakhala ukulira kuti ndimakondera. Eti mwana wa mlongo wanga ndimangomugwiritsa masipanala. Lero uyendetsa ndiwe."

Mtima wanga unadumpha, sindibisa. Galimotoyi mawaya ake ndinalumikiza ndine, nzeru zake ndikutola ndekha pa foni, koma mpando wake sindinaukhalepo ikuthamanga. Ndinacheukira Okoe kuti ndimuseke.

"Msuweni, wamva? Pita ukagulitse madzi."

Okoe ndi munthu wosalola kugonja pakamwa. Koma apa anangoyang'ana chitini cha petulo chija.

"M'mimba mwandipotokola," anatero chapansipansi, n'kulowera kuseri kwa lole.

Amalume anabwezera okha mapulagiwo, mofulumira, osandipatsa sipanala. Anandimanga malamba okha, kukoka mpaka mpweya kubanika. Chikhalire sanandigwirepo mwachikondi chotero.

Anyamata athu anandikankhira pamzere. Kumanja kwanga galimoto ya Alhaji inkatenthetsa matayala, utsi uli tolotolo. Ndinaliza injini. Inalira mosalala, mwaulemu, monga inkachitira tsiku lonse isanafike giya lachitatu. Kutsogolo kunali fumbi lokhalokha. Ndinasuzumira pagalasi ndipo ndinaona Okoe ataima patali ndi mpanda, manja ali kumutu.

Woyambitsa mpikisano anakweza mbendera, nandikodola kuti ndisendere pang'ono.

Ndinazimitsa injini.

Anthu anayamba kukuwiza. Wina anamenya denga la galimoto. Amalume anabwera chothamanga n'kulowetsa mutu pawindo, thukuta lili kamukamu.

"Wapenga? Ukundichititsa manyazi pamaso pa Mumuni! Liza galimoto!"

Ndinawagwira dzanja, lomwe lija linagwira bulashi, ndipo sindinalitaye.

"Ndiliza, amalume. Ndithamanga ngakhale pompano. Koma mundiyang'ane kaye m'maso, mayi anga akadzakufunsani musadzasowe chonena. Mwana wanu mwamutsitsa, ine mwandikweza. Munaona chiyani pa mapulagi aja? Yankhani!"