Galu Amene Ankaopa Ulemu

A Fackson atapuma pa ntchito ya ulonda ku fakitale ya tiyi, anthu ankayembekeza kuti abwerera kwawo ku Khonjeni kukalima chinangwa. Iwo ayi. Anagula malamba anayi akale pamsika wa Luchenza, nawamangirira zingwe, n'kuyamba kuzungulira m'nyumba za mabwana a pa esiteti kutenga agalu kuti akawongole miyendo. Munthu wa imvi zake, mkulu wa mpingo, kumakokedwa ndi agalu m'mawa uliwonse! Othyola tiyi ankaseka mpaka madengu kugwedezeka kumsana, ndipo anawapatsa dzina loti a Kapitawo a Agalu. Ife a ku Thyolo kuno zina tingasowe, koma pakamwa ayi. A Fackson ankangowavulira chipewa n'kumapitirira ulendo.

Osekawo sankadziwa kuti ntchitoyo inali yeniyeni. Galu wotsekeredwa mumpanda tsiku lonse amafukula maluwa, amatafuna nsapato za bwana, amauwa ngakhale mphepo. Akayenda ola limodzi m'misewu ya m'minda, amabwera n'kugona phee. A Fackson anaphunziranso kuwerenga makutu ndi michira. Ankadziwa kuti galu akamayasamula pomwe alibe tulo ndiye kuti mtima uli m'mwamba, komanso kuti si mchira uliwonse wogwedezeka umene ukupereka moni.

Mwa agalu awo anayi, amene ankamukonda anali Shuga, galu wamkazi wofiirira wa khutu long'ambika. Mayi Daisy, akazi a manijala wa fakitale, anamutola pamsewu zaka ziwiri zapitazo ali nthiti zokhazokha. Shuga sankakoka chingwe, sankathamangitsa nkhuku. Ankayenda pafupi ndi mwendo wa a Fackson ngati woopa kusiyidwa.

Ndiye Lolemba lina zinthu zinavuta. Akubwera koyenda, anapeza Mayi Daisy atakhala pakhonde. Alesi, mayi amene anali atangoyamba kumene ntchito ya m'nyumba, anatuluka kudzapereka uthenga. Poti analeredwa bwino, anagwada, dzanja limodzi litatsamira pansi. Shuga analumpha. A Fackson anakoka chingwe mochedwa, ndipo mano anang'amba chitenje n'kukanda mkono wa Alesi.

Bala silinali lakuya, ndipo galuyo anali wobayidwa katemera, koma manijala a Raphael sanafune kumva zambiri. Anati aka kanali kachiwiri, poti mwezi watha Shuga analumphiranso mayi wogulitsa nthochi pageti. Adzukulu awo amabwera patchuthi, ndipo galu woluma popanda chifukwa sangamusunge. Dokotala wa ziweto abwera Lachisanu la sabata yamawa kudzamubaya jakisoni woti asadzukenso. A Fackson anapempha kuti azimuyendetsabe mpaka tsikulo. Anawalola, monga mmene umalolera munthu kuthirira mtengo umene wagamula kale kuudula.

Mawu oti popanda chifukwa ndi amene anawasowetsa mtendere. Galu sachita kanthu popanda chifukwa. Ndife anthu amene timachita zimenezo. A Fackson anamudutsitsa Shuga pafupi ndi othyola tiyi, akabaza, thirakitala yonyamula masamba, ngakhale amayi ovala zitenje zofanana ndi cha Alesi. Shuga osatekeseka n'komwe.

Lachinayi kunali chiperoni. Mphepo inaulutsa chipewa chawo n'kuchigwetsa m'ngalande, ndipo a Fackson anawerama kuti achitole. Pomwepo anamva kulira kwa pakhosi kumbuyo kwawo. Shuga, Shuga wawo yemwe, anali atadzipanikiza pansi, mchira pakati pa miyendo, mano onse pamtunda, thupi likunjenjemera. A Fackson anaweramuka pang'onopang'ono. Atangoima chilili, galuyo anabwera kudzawanyambita dzanja ngati wopepesa.

Anakhala pachitsa cha bulugamu, mvula yowaza ikuwanyowetsa. Ndani kuno sadziwa mmene timathamangitsira galu? Umawerama ngati ukutola mwala, ngakhale pamalo popanda mwala, ndipo galu aliyense wa m'mudzi amaliyatsa liwiro. Alesi anagwada dzanja lili pansi. Wa nthochi uja anawerama potula dengu. Kwa a Raphael kunalibe wogwada Alesi asanabwere, ndipo a Fackson eni ake, chifukwa cha msana wawo wovuta, ankamanga agalu atakhala pasitepe. Ulemu umene ife timauona, Shuga ankaona dzanja likufuna mwala.

Kenako anakumbukira china chimene sakanafuna kuchikumbukira. Ali mlonda ankasunga mulu wa miyala pambali pa kanyumba ka pageti, wogendera agalu obwera kudzafufuza zotsala kuseri kwa kantini. Dzanja lawo linali lotchuka, ndipo ankanyadira nazo. Chaka chawo chomaliza panali kagalu kofiirira kamene anakalasa m'mutu, ndipo kanathawa kakulira mpaka kulowa m'tiyi. Kaya kanali komweka kaya kena, sakanadziwa. Koma anayang'ana khutu long'ambikalo ndipo manyazi anawagwira kwambiri.

Kuyambira tsiku limenelo ankanyamula bonya m'thumba. Akabweza agalu enawo, ankamangirira Shuga pamtengo, n'kupita chapatali, n'kugwada, manja atatambasula, kansomba kali pachikhatho. Tsiku loyamba galuyo anauwa mpaka mawu kusasa. Tsiku lachitatu anangong'ung'udza. Tsiku lililonse a Fackson ankasendera phazi limodzi. M'minda ya tiyi mulibe pobisala, choncho nkhani inafika mpaka kutchalitchi kuti mkulu wa mpingo wayamba kupembedza galu. Zinawapweteka ndithu, poti dzina analisamala zaka zambiri, koma m'mawa mwake anapitanso kukagwada.

Lachisanu dokotala anafika pa njinga yamoto, chikwama chili kumsana. A Fackson anapempha kuti asanatsegule chikwamacho, onse aone kanthu kamodzi. Anafotokoza za mwala ndi kugwada m'mawu ochepa. Atatero anamasula chingwe n'kugwada pakapinga, pamaso pa manijala, madamu ndi Alesi.

"A Fackson, dzukani, mukutichititsa manyazi," anatero Mayi Daisy.

Iwo sanadzuke. Shuga anaumitsa thupi, milomo ikunjenjemera. Anabwerera m'mbuyo, nayasamula, nayang'ana kumbali. Kenako anayamba kukwawa chamimba, pang'onopang'ono, mpaka mphuno yake inakhudza chikhatho chopanda mwala.

A Raphael anapukusa mutu. Anati galuyo wazolowera a Fackson okha, nanga ena? Funsolo linali loona. Amene anayankha anali Alesi. Anatsika pakhonde, bandeji ikadali pamkono, n'kutenga kansomba m'thumba la a Fackson. Anagwada chapatali pang'ono. Anati akanakhala iye, atagendedwa kuyambira ali mwana, bwenzi akulumanso. Shuga anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanapite kwa iye, koma sanaonetsenso mano. Anangogona pansi n'kuika mutu pabondo la a Fackson.

Dokotala ananena kuti galu wotere ndi wamantha chabe, ndipo akhoza kusintha ngati a m'nyumba onse ataphunzira naye limodzi. A Raphael anakanda m'mutu, nati amupatsa mpaka tchuthi, adzaonenso. Dokotala anakoleka chikwama chake osachitsegula.

Mayi Daisy anayandikira, misozi ili m'maso, akuyang'ana khutu long'ambika limene a Fackson ankalisisita.

"Koma amene anamugenda mwanayu analibe mtima," anatero.

A Fackson anayendetsa chala pachipsera.

"Mtima anali nawo, madamu," anayankha. "Kungoti miyala inali pafupi, pambali penipeni pa kanyumba kanga ka pageti."

Mawondo awo anali atauma, koma sanayese kudzuka, poti galuyo anali atatseka maso.