Nyemba Zopanda Mchere

Mayi a mapasa anakhala zaka zambiri osatuluka pakhomo. Amuna awo atagwidwa ndi sitiroko, dziko lawo lonse linasanduka chipinda chimodzi chokhala ndi bedi, beseni ndi kapu ya pulasitiki. Bamboyo atamwalira, mayiwo anangokhalabe m'chipindamo ngati kuti wina awaitana. Mapasawo anali atakula, aliyense ndi mavuto ake, ndipo m'nyumba munayamba kusowa ngakhale sopo.

Boma litayamba kufunafuna anthu amene akhalitsa osagwira ntchito, mwana wawo wamkazi anachita kuwakokera ku ofesi ya zantchito, iwo akukana njira yonse. Kumeneko anapeza mlangizi, mtsikana woyankhula mofulumira ngati basi ikumusiya.

"Mumatha chiyani, amayi?"

"Palibe, mwanangu. Kuphika basi."

"Nanga kuphikako si ntchito?"

Mlangiziyo anawapezera malo pa kantini ya fakitale yosoka matumba, kuti awayese mwezi umodzi. Akakhoza ntchito ikhala yawo, akalephera abwerera kuchipinda kuja. Mayiwo ankadziwa mumtima kuti akabwererako ulendo uno sadzatulukanso.

Masiku oyamba anali a kutsuka mapoto ndi kusenda mbatata, ndipo palibe anadandaula. Zinavuta tsiku limene akhukhi aakulu, bambo wa mimba yake ndi pakamwa pake, anawasiyira poto wa nyemba. Mayi a mapasa anaphika ndi mtima wonse. Nyemba zinapsa mpaka kusungunuka, anazinyenya bwinobwino ndi chipande, osathira mafuta, osathira mchere, n'kuzisiya pambalambanda kuti zizizire, wina angapse pakamwa.

Belu litalira analowa anyamata onyamula katundu, njala ili m'maso.

"Akhukhi, kodi tagonekedwa m'chipatala?" anakuwa wina.

"Mano tili nawo ife, taonani!" anatero mnzake, akuyasamula.

Kantini yonse inafa ndi phwete. Mayiwo anachita manyazi mpaka kulakalaka nthaka itang'ambika. Mawa lake analumbira kuti athira mchere, koma dzanja linakana. Adokotala anali atawauza kalekale kuti mchere ukhoza kupha amuna awo, ndipo dzanja linagwira mawuwo kuposa mutu. Pa chimpoto chodyetsa fakitale yonse anangotsina kamchere ndi zala ziwiri.

Akhukhi anaimbira foni mlangizi. "Mudzatenge munthu wanu, anyamata angandimenye."

Mtsikana uja anabwera nthawi ya nkhomaliro. Mayi a mapasa anali atavula kale epuloni n'kuipinda. Koma iye anatenga mbale, napempha nyemba zomwezo, nakhala pa kreti pafupi ndi sinki n'kudya mpaka kumaliza. Lero sankafulumira.

"Munkaphikira ndani chonchi, amayi?"

Mayiwo anafotokoza za amuna awo, mmene kumeza kunkavutira, mmene ankawadyetsera ndi kasupuni.

"Nanga inuyo munkadya chiyani?"

"Zomwezo. Ndikanadya bwanji zokoma iwo akundiyang'ana?"

"Mpaka pano?"

"Ndinazolowera. Kwa ine nyembazi zili bwinobwino."

Mlangizi anatembenukira kwa akhukhi. "Bambo, mwezi sunathe. Mayiwa kuphika amatha, lilime ndi limene linaiwala. Muzithira mchere ndinu iwo akuona, kenako azilawa."

"Ndiye boma likufuna ndiphunzitse munthu wamkulu kulawa?" anang'ung'udza akhukhi. Koma anayang'ana kukhoma n'kumina, akunamizira anyezi.

Zinayenda choncho. Tsiku loyamba mayiwo analavula, akuti zawawa. Akhukhi ankawaimirira kumbuyo n'kumakuwa, "Onjezani, mayi! Awa si odwala, ndi akapolo a njala!" Pang'onopang'ono dzanja linamasuka, nyemba zinayamba kufika m'mbale zili zamphumphu, zotentha, ndipo mnyamata woyasamula uja anayamba kubwereza kawiri. Mwezi utatha akhukhi sanachite mwambo uliwonse. Anangoti, "Lolemba musachedwe," n'kupitiriza kudula nyama.

Madzulo ake Mayi a mapasa anapita okha ku ofesi ya zantchito, popanda wowakoka. Anadikira pa benchi mpaka anthu onse atatha. Njira yonse anali atakonza mawu ambiri othokoza, koma atalowa mawu onsewo anathawa. Anangogwira dzanja la mtsikanayo ndi manja awiri, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwanangu, pa maliro anthu anabwera ambiri kudzandipepesa, ndipo onse ankafunsa mmene malemu anavutikira. Wondifunsa chimene ndinkadya ine ndinu nokha. Zikomo."

Mayiwo anapukuta m'maso natsanzika, poti kunja kunkada ndipo yunifolomu yawo ya kukantini inali isanachapidwe.